WOSAŴERENGEDWA SAGAŴIRIDWA: NTCHITO YA AKATSWIRI A ZIŴERENGERO

 Lero tikambirana za ntchito imene sitchulidwa kaŵirikaŵiri anthu akamaŵerenga ntchito zapamwamba. Mwana akafunsidwa chimene adzakhale akadzakula, amati dokotala, namwino, mphunzitsi kapena woyendetsa ndege. Nkovuta kumva mwana akunena kuti adzakhala woŵerenga anthu. Komabe dokotala uja sangalandire mankhwala okwanira, ndipo mphunzitsi uja sangalandire mabuku okwanira, ngati palibe wina amene adayamba waŵerenga odwala ndi ana a sukulu, nasanthula bwino zimene wapezazo, nakauza olamula zoona zake.

Aliyense amene adakhalapo pamaliro kapena paukwati kumudzi akudziŵa kuti amai ophika sayamba kuomola nsima asanatume munthu kukaona magulu amene akhala pabwalo. Wotumidwayo akaiŵala gulu limene lakhala kuseri kwa nkhokwe, gulu limenelo ligona ndi njala ngakhale nsima idaphikidwa yambiri. Boma nalonso liri ngati amai ophikawo. Likamagaŵa aphunzitsi, mankhwala, mijigo ndi chimanga cha chithandizo, silingaone ndi maso munthu aliyense. Limadalira ziŵerengero, zimene masiku ano ena amazitcha deta. Tsono amene amasonkhanitsa ziŵerengerozo ndi kuzimasulira ali ndi mphamvu yaikulu pa moyo wa anthu amene sadzakumana nawo konse.

KALEMBERA WA ANTHU

Tiyambe ndi chiŵerengero chachikulu kupambana zonse, ndicho cha anthu a m'dziko. M'Malaŵi muno ntchito imeneyi ili m'manja mwa National Statistical Office, ofesi ya boma imene likulu lake liri ku Zomba. Kalembera woyamba dziko litalandira ufulu wodzilamulira adachitika mu 1966, ndipo adapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Adachitikanso mu 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17,563,749, ndipo ndiye adali woyamba kuti olemba ayende ndi timakina ta m'manja totchedwa tabuleti m'malo mwa mitolo ya mapepala. Adaonetsanso kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi, ndi kuti 51 mwa 100 alionse adali asanakwanitse zaka 18.

Kodi manambala ameneŵa ngothandiza chiyani? Katswiri wa za chiŵerengero cha anthu akadziŵa kuchuluka kwa ana a chaka chimodzi m'boma la Mangochi kapena la Chitipa, amadziŵiratu kuti patapita zaka zisanu ana amenewo adzafuna malo mu Sitandade 1. Choncho angathe kunena lero makalasi ndi aphunzitsi amene adzafunike maŵa. Dziko lathu lidaona lokha kulemera kwa nkhani imeneyi mu 1994, pamene sukulu za pulaimale zidakhala zaulere. M'chaka chimodzi chokha ana olembetsa adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Ana ambiri adaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma lidalemba ntchito aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanaphunzire za uphunzitsi. Ganizo lidali labwino ndithu, koma ganizo labwino limafuna munthu woŵerengeratu zotsatira zake.

Kalembera ngodula, nchifukwa chake amachitika kamodzi pa zaka khumi. Pakati pa zaka zimenezo akatswiri amachita kafukufuku wofunsa mabanja oŵerengeka okha. Wina angafunse kuti, kodi mabanja ochepa angaimire bwanji dziko lonse? Taganizirani za wogula fodya ku okushoni. Iye satambasula tsamba lirilonse la m'belo ai. Amasolola pang'ono apa, pang'ono apo, ndi m'kati momwe, podziŵa kuti pamwamba pokha pangamunamize. Momwemonso akatswiri amasankha midzi ndi mabanja mwa maere, kuti asangofunsa okhala m'mbali mwa mseu okha. Kafukufuku wa kakhalidwe ka mabanja wa 2019 ndi 2020 adafunsa mabanja opitirira 11,000, napeza kuti pafupifupi theka la anthu a m'dziko lino adali pa umphaŵi. Kafukufuku wina wa zaumoyo adaonetsa kuti mu 1992, mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5, pamene mu 2015 ndi 2016 chiŵerengerocho chidatsika kufika pa 63. Popanda oŵerenga, sitikadadziŵa kuti katemera, masikito ndi zipatala zazing'ono za kumidzi zikupulumutsadi ana.

CHIŴERENGERO CHIKALAKWA

Omvera, tisaganize kuti nambala iriyonse yolembedwa papepala la boma njoona. Ambiri a inu mukukumbukira njala ya 2002. M'chaka cha 2001 mvula idavuta, madzi adasefukira m'madera ambiri, ndipo chimanga chidatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni a chaka cha 2000 kufika pa matani pafupifupi 1.7 miliyoni. Koma ziŵerengero za zokolola zidaonetsa kuti chinangwa ndi mbatata zilipo zochuluka kwambiri, kotero kuti akuluakulu ambiri a m'dziko muno ndi a maiko othandiza adakhulupirira kuti anthu sangafe ndi njala. Zoona zake nzakuti chinangwa chimenecho chidachuluka papepala kupambana m'munda. Nthaŵi yomweyo chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa. Boma lidalengeza za ngozi ya njala mu February 2002, anthu atayamba kale kumwalira.

Chinangwa nchovuta kuchiyeza, pakuti chimakhala pansi pa nthaka, ndipo mlimi amachikumba pang'onopang'ono m'malo mokolola tsiku limodzi. Katswiri wodziŵa ntchito yake amayenera kunena poyera kuti nambala yakutiyakuti njongoyerekeza, ndi kuti moyo wa anthu usatsamire pa iyo yokha. Kuyambira nthaŵi ya njala imeneyo pali komiti yotchedwa Malawi Vulnerability Assessment Committee, imene imayendera maboma anthu akakolola, kuona nkhokwe, mitengo ya chimanga pamsika ndi malipiro a ganyu, ndi kunena anthu amene adzasoŵe chakudya. Mu 2016, kutachitika chilala, komitiyo idanena msanga kuti anthu opitirira 6 miliyoni adzafuna chithandizo, ndipo chimanga chidayamba kufunidwa miyezi ya njala isanafike. Kusiyana kwa zaka ziŵiri zimenezi kukutiphunzitsa kuti ntchito ya ziŵerengero imakhudza moyo ndi imfa.

ULENDO WA CHIŴERENGERO

Tsopano tiyeni titsate chiŵerengero chimodzi pa ulendo wake, kuti tione anthu amene chimadutsa m'manja mwawo, pakuti apo mpamene pali ntchito zimene tikunenazi. Chiŵerengero chimabadwira kumudzi. Mlangizi wa zaumoyo akayeza mwana pasikelo, amalemba m'kaundula kulemera kwake ndi katemera amene walandira. Mphunzitsi wamkulu amalemba chaka ndi chaka ana a m'kalasi iriyonse, madesiki ndi zimbudzi. Wolemba mitengo ya katundu amayenda m'misika mwezi ndi mwezi kufunsa mtengo wa chimanga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira, ndipo kuchokera m'zimene walembazo dziko limadziŵa mmene katundu akukwerera mtengo. Anthu ameneŵa ndiwo mizu ya ntchito yonse. Mmodzi wa iwo akachita ulesi, nakhala pansi pa mtengo nkumadzaza mafomu ndi mayankho a m'mutu mwake, palibe kompyuta imene ingakonze bodza limenelo.

Kuchoka kumudzi, chiŵerengero chimafika kwa osunga ndi okonza. Kumaofesi a zaumoyo a m'maboma, malipoti a zipatala amaloŵetsedwa m'kompyuta kudzera m'chida chotchedwa DHIS2, chimene chidapangidwa ku University of Oslo ku Norway ndipo chimagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa. Apa pamafunika munthu wa diso lakuthwa. Iye amaona kuti chipatala china chalemba ana obatidwa katemera ochuluka kupambana ana onse a m'deralo, kapena kuti mai wa zaka 19 walembedwa kuti ali ndi mwana wa zaka 15, ndipo amabweza funso kwa amene adalemba. Pamafunikanso opanga mapologalamu a pakompyuta, amene amaonetsetsa kuti dzina limodzi lisalembedwe kaŵiri. Palinso ojambula mapu, amene amaika pamodzi midzi, mitsinje, miseu ndi zipatala, kuti zioneke poyera kuti mudzi wakuti uli kutali ndi chipatala chirichonse, kapena kuti kolera akufalikira motsata mtsinje wakuti.

Kenaka pamabwera wosanthula. Ntchito yake ndiyo kufunsa chifukwa. Akaona kuti amai oberekera kuchipatala achepa m'dera lina, sathamangira kunena kuti amaiwo ngosamva. Amayamba wafufuza ngati mlatho udakokoloka, ngati mzamba adasamutsidwa, kapena ngati kaundula adangotha masamba. Akapeza yankho, ntchito yake sinathe. Ayenera kulemba zimene wapezazo m'mau ochepa ndi omveka, kuti bwanamkubwa, makhansala ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, amene sadaphunzire masamu ozama, athe kugamula moyenera. Lipoti la masamba 200 limene palibe woliŵerenga liri ngati chimanga chofumbwa m'nkhokwe. Pachifukwa chimenechi wosanthula wabwino amadziŵa masamu, amadziŵa kulemba, ndiponso amadziŵa kuima pamaso pa akuluakulu ndi kulongosola mosaopa.

CHITSANZO CHA MTUKULA PAKHOMO

Kuti zonsezi zimveke bwino, titenge chitsanzo chimodzi chodziŵika m'midzi yathu, ndicho Mtukula Pakhomo. Ndondomeko imeneyi idayamba moyesera m'boma la Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 idali itafika m'maboma onse 28. Cholinga chake nkupereka ndalama pang'ono, nthaŵi ndi nthaŵi, kwa mabanja amene ali ndi mavuto aŵiri pamodzi: ngosaukitsitsa, ndiponso alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, kapena wamphamvuyo ndi mmodzi yekha pamene omudalira ngochuluka. Tikunena za agogo olera ana amasiye, za anthu olumala, za odwala matenda a mgonagona, ndi za ana olera anzawo. Poyambitsa ndondomekoyi adagwirizana zoti m'dera lirilonse asankhe banja limodzi mwa mabanja 10 alionse.

Apa mpamene pagona vuto. M'mudzi mmene pafupifupi aliyense ngosauka, kodi banja limodzilo mudzalisankha bwanji? Mukasiyira mfumu yokha, padzamveka madandaulo akuti yasankha abale ake. Mukafunsa munthu ndalama zimene amapeza pamwezi, sangathe kuyankha, poti mlimi salandira malipiro a pamwezi. Tsono akatswiri adakonza mafunso a zinthu zooneka ndi maso: denga ndi la udzu kapena la malata, pansi ndi pozira kapena pa simenti, pakhomo pali ziŵeto kapena ai, anthu alipo angati ndipo ngamisinkhu yanji, amadya kangati patsiku. Yankho lirilonse liri ndi kulemera kwake, kochokera m'kafukufuku wa mabanja amene tamutchula uja, ndipo kompyuta imandandalika mabanja kuyambira wosaukitsitsa. Mainawo amabwereranso kumudzi kuti anthu aŵamve pamsonkhano.

Njira imeneyi nayonso imalakwa. Mai wamasiye angakhale m'nyumba ya malata imene mwamuna wake adamanga asanamwalire, koma m'nyumbamo mulibe ufa. Kompyuta idzaona malata okha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito ya katswiri ndiyo kuyeza kuti mwa mabanja 100 oyenera ndi angati amene asiyidwa, mwa olandira ndi angati amene sadali oyenera, ndi kukonza mafunsowo kuti zolakwa zichepe. Ndi ntchito yakenso kuchenjeza kuti kaundula amakalamba: banja limene lidali bwino chaka chatha lingagwe chaka chino chifukwa cha maliro kapena namondwe.

Padalinso funso lina limene anthu ankakangana nalo. Ena ankati munthu wosauka ukampatsa ndalama amathera kumoŵa ndipo amasanduka waulesi. Ena ankakana. Mkangano wotere sutha ndi kukweza mau. Kuyambira 2013 mpaka 2015, akatswiri a Centre for Social Research ya University of Malawi, pamodzi ndi anzawo a University of North Carolina ndi a UNICEF, adatsata mabanja pafupifupi 3,500 m'maboma a Salima ndi Mangochi. Midzi ina idayamba kulandira msanga, ina idayamba pambuyo, ndipo kusankha kwake kudachitika mwa maere, kuti kusiyana kumene kudzaoneke kudzakhale kochokera ku ndalamazo basi. Adapeza kuti mabanja olandira ankadya kokwanira kupambana anzawo, ana awo ankapita kusukulu, ndipo adagula mbuzi, nkhuku ndi zipangizo za ulimi. Sadapeze umboni wakuti ndalamazo zidaonjeza kumwa moŵa. Umboni wotere ndiwo umathandiza boma ndi maiko othandiza kulimba mtima pokulitsa ndondomeko.

Nthaŵi zina ziŵerengero zimapereka yankho limene palibe adaliyembekeza. M'boma la Zomba, mu 2008 ndi 2009, akatswiri atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, adayesa njira ziŵiri zothandizira atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Gulu lina linkalandira ndalama pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu. Gulu lina linkalandira popanda lamulo limenelo. Zotsatira zake zidali zakuti njira ya lamulo idasunga atsikana ambiri pasukulu, ndipo idakweza kaŵerengedwe kawo ka Chingerezi. Koma njira yopanda lamulo ndiyo idachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba za msanga. Chifukwa chake nchakuti mtsikana wa gulu loyamba akangosiya sukulu ndalama zinkadulidwa, ndipo ukwati unkakhala pothaŵira pake, pamene mnzake wa gulu lachiŵiri ankapitiriza kulandira. Onani tsono kuti katswiri sagamula m'malo mwa olamula ai. Iye amaika poyera phindu ndi mtengo wa njira iriyonse, kuti ogamula asagamule mumdima.

KUOPSA KWA NTCHITOYI

Mpeni wosenda mbatata ungathenso kucheka chala. Kuti tione kuopsa kwa ziŵerengero zikagwiritsidwa ntchito mosasamala, tichoke kwathu kuno pang'ono, tipite ku Netherlands, dziko lolemera la ku Ulaya lokhala ndi makompyuta amphamvu ndi akatswiri ochuluka. Kumeneko boma limathandiza makolo kulipira malo osungirako ana iwo akapita kuntchito. Ofesi ya misonkho idafuna kugwira onyenga, ndipo idagwiritsa ntchito pologalamu ya pakompyuta yoloza anthu okayikitsa. Mwa zinthu zimene pologalamuyo inkayang'ana padali dziko limene munthu adachokera. Makolo zikwi makumi angapo adanamiziridwa kuti ngakuba, nalamulidwa kubweza ndalama zochuluka zimene adali atalipira kale kumalo osungirako anawo. Ambiri adagwa m'ngongole, ena adachotsedwa m'nyumba, ndipo mabanja ena adapasuka. Zoona zitadziŵika, nduna zonse za boma la Mark Rutte zidatula pansi maudindo mu January 2021.

Cholakwa sichidali cha makina. Chidali cha anthu amene adakhulupirira makinawo koposa munthu wolira pakhomo pa ofesi yawo. Pachifukwa chimenechi, aliyense wofuna ntchito imeneyi asunge malamulo atatu. Loyamba ndi chinsinsi. Wolemba kalembera amalumbira kuti sadzaulula zimene wamva m'nyumba ya munthu, ndipo malamulo a dziko lino a za ziŵerengero amamulanga akaphwanya lumbirolo. Kaundula wa odwala kapena wa osauka sachezera nawo pabawo. Lachiŵiri ndi kusiya khomo lotsekula, kuti munthu amene wasiyidwa athe kudandaula kwa munthu mnzake, ndi kumvedwa. Lachitatu, limene liri lovuta koposa, ndi kukana kupotoza nambala. Tsiku lina wamkulu wina adzafuna kuti zokolola zioneke zochuluka, kapena kuti odwala aoneke ochepa. Katswiri amene agonja tsiku limenelo waononga ntchito ya anzake onse, pakuti anthu akasiya kukhulupirira nambala imodzi amakayika zonse.

NJIRA YOLOŴERA

Tsono inu achinyamata mukufunsa kuti, kodi ntchito imeneyi munthu amailoŵa bwanji? Chiyambi chake ndi masamu. Musaŵathaŵe masamu, ndipo inu atsikana musamvere onena kuti masamu ngaanyamata okha. Pamodzi ndi masamu limbikirani Chingerezi, pakuti malipoti ambiri amalembedwa m'chinenero chimenecho. Musanyozenso Chicheŵa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi zinenero zina za kwathu, chifukwa funso lomasuliridwa molakwa limabala yankho lolakwa. Mukafunsa agogo kuti pakhomo pano pali anthu angati, ndi wodziŵa chikhalidwe yekha amene adzakumbukire kufunsanso za mdzukulu amene amagona pompo koma amadya kwina, ndi za khanda limene silidatchulidwe chifukwa silinatulutsidwe m'chikuta.

Amene akhoza bwino mayeso a Fomu 4 angathe kukaphunzira za ziŵerengero, za chiŵerengero cha anthu, za chuma kapena za makompyuta ku University of Malawi ku Zomba. Ku Blantyre kuli Malawi University of Business and Applied Sciences, imene kale inkatchedwa Polytechnic, ndiponso Kamuzu University of Health Sciences, kumene amaphunzitsa za umoyo wa anthu ndi kafalidwe ka matenda. Wokonda za ulimi angapite ku Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources ku Bunda. Kulinso Mzuzu University kumpoto ndi Malawi University of Science and Technology ku Thyolo. Mu 2020 kudatsekulidwa African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kuulutsa tindege topanda woyendetsa ndi kusanthula zithunzi zimene tajambula, luso limene limathandiza madzi akasefukira. Kulikonse kumene mungapite, phunzirani kugwiritsa ntchito Excel poyamba, kenaka zida zina monga Stata, R kapena Python. R ndi Python nzaulere, ndipo maphunziro ake amapezeka pa intaneti.

Amene sadapeze malo kuyunivesite asataye mtima. Akatswiri ambiri adayamba ngati olemba mayankho pa kafukufuku, kapena ngati makalaliki a kaundula pachipatala, nakwera pang'onopang'ono chifukwa cha kukhulupirika kwawo. Ntchito zimapezeka ku National Statistical Office, m'nthambi za mapulani za maunduna, m'makhonsolo, ku Reserve Bank of Malawi, ku National Registration Bureau imene mu 2017 idalemba anthu opitirira 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, ndiponso m'mabungwe othandiza anthu, amene onse amafuna munthu wolondoloza ngati ntchito yawo ikupindula.

Tisakubisireni zovuta zake. Wolemba mayankho amayenda pansi mitunda yaitali, dzuŵa likuswa mtengo, nthaŵi zina nkupeza eni nyumba apita kudimba, nabwereranso kachiŵiri ndi kachitatu. Wosanthula amatha masabata akukonza zolakwa za m'kaundula asanayambe ntchito yokondweretsa. Ntchito zambiri nza nthaŵi yochepa, ndipo zimadalira ndalama za maiko akunja. Mu 2025 boma la America lidadula ndalama zimene linkathandizira kafukufuku wa zaumoyo wa mtundu umene tatchula uja m'maiko ambiri. Zimenezo zidatikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dziko limene lidalira alendo kuti aliŵerengere ana ake lidzakhala losadziŵa za ana akewo tsiku limene alendo adzapite. Tikufunika akatswiri athuathu, ophunzira mokwanira, ndiponso ndalama zathuzathu zoŵalipira.

Pomaliza, tiri ndi mau kwa inu nonse amene simudzagwira ntchito imeneyi koma mudzakumana nayo. Mnyamata kapena mtsikana wonyamula chiphaso ndi tabuleti akafika pakhomo panu, mlandireni, mpatseni mpando, ndipo muuzeni zoona. Musabise mwana wolumala m'nyumba, pakuti mukatero mwabisa kufunika kwa mphunzitsi wake. Musachulukitse anthu a pakhomo poyembekeza kulandira zambiri, pakuti mukatero mwalanda gawo la mnansi wanu. Inu mafumu, onetsani olembawo mabanja a kutsidya kwa mtsinje ndi a kuphiri komwe. Ndipo inu aphunzitsi a masamu, uzani ana anu kuti tizigawo ndi maperesenti amene akuvutika nawo lero ndiwo amene maŵa adzagamule kumene kudzamangidwe chipatala.